Chigamba cha pa Nthiti

Raed anakana kugwira ketulo ya khofi. Mwana wamwamuna woyamba ndiye amaima pakhomo la tenti kulandira odzapepesa ndi kuwathirira khofi, koma iye anakabisala kukhitchini ngati mlendo. Anafika bambo ake, a Mifleh, ataikidwa kale. Lachiwiri foni yochokera kwa amayi ake inalira katatu iye akuiyang'ana, osayankha, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Anam'peza kumeneko ndi a Abu Thaer, sajeni wokalamba, mmodzi mwa amuna makumi atatu amene a Mifleh anayamba nawo gulu lothana ndi zigawenga. Gululo linabadwa ndi manyazi. Chaka chimene zigawenga zinagwira anthu mu hotela, asilikali wamba analowa akuwombera chisawawa, n'kupha operekera zakudya awiri. A Mifleh analumbira kuti sizidzachitikanso. Mayeso omaliza olowera m'gululo anachita kuwakonza okha: ankakhala pampando m'chipinda, pakati pa zidole zamatabwa, ophunzira n'kuthyola chitseko n'kumawombera zidolezo, mfuti zili ndi zipolopolo zenizeni.

"Ndevu zonsezi ukubisala kuseri kwa mapoto?" anatero a Abu Thaer. "Anthu akufunsa mwana wa malemu."

Raed anayankha kuti malemuwo ana awo anali a kukampu. Kodi si iwo aja anadzuka pampando tsiku la mayeso ake, pamaso pa anzake onse, n'kumuuza kuti wachedwa, alongedze? Chonsecho zidole zonse anazigwetsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wakhala akuyendetsa magalimoto a katundu kumzinda wa Aqaba chifukwa cha mawu awiri amenewo. Ankalankhula mokweza, monga amachitira munthu amene akufuna wina amuuze kuti sanalakwe.

A Abu Thaer sanamuuze zimenezo. Anati mtembo anasambitsa ndi iwo, ndipo anaonanso chipsera chija pa nthiti za kumanzere. Tsiku la mayeso lija anamanga balalo ndi iwo omwe, kuseri kwa nyumba yosungira zida, a Mifleh atawalumbiritsa kuti asadzauze munthu.

"Zidole zinali zinayi. Iwe unawombera kasanu, mwana wa m'bale wanga."

Lamulo analemba ndi a Mifleh eni ake: wolasa munthu wa pampando apite kukhoti la asilikali. Kumusiya Raed m'gulu sakanatha, pokumbukira anthu awiri a mu hotela aja. Kumupereka kukhotinso sakanatha. Ndiye anavala jekete msangamsanga, naima chilili mpaka mwana wawo atatuluka pageti.

Raed anakhala pansi pa thumba la mpunga.

Amayi ake, amene ankamva zonse ali pakhomo, anapita kuchipinda n'kubwera ndi malaya akale a usilikali. Anati anawapeza dzulo pansi pa sutikesi, ndipo anadabwa, poti m'zaka makumi anayi za ukwati mwamuna wawo sanagwirepo singano.

Raed anawatambasula pamaondo. Pa nthiti za kumanzere panali chigamba chosokedwa mokhotakhota, ndi ulusi wakuda wosagwirizana n'komwe ndi nsaluyo. Anachisisita ndi chala kwa nthawi yaitali.

"Amayi," anatero, "khofi uja wazizira?"