Mchere wa Esitere

Esitere anaima pa benchi ya usipa mumsika wa Mitundu, nanunkhiza ngati munthu wodutsa pakhomo pa chibwenzi chakale. Sanagule. Panali patapita miyezi asanaone mutu wa nsomba m'mbale, chifukwa thupi la mwamuna wake Gilibati, wokonza njinga kuseri kwa msikawo, linali litayamba ndale. Dziko lonse linali litalandira matipate, aliyense akuyankhula zakukhosi, koma m'mimba mwa Gilibati munatsala chipani chimodzi chokha, choletsa zonse.

Akadya usipa wouma, milomo inkatupa ngati chubu chopopedwa mopyola muyeso. Tomato, zidzolo msana wonse. Masese a Loweruka, maso kutsekeka, pakhosi kulira ngati pampu yotha. Adokotala anawafotokozera kuti m'thupi muli tialonda timene timakuwa kukabwera mdani, koma ta Gilibati timakuwa ngakhale kukadutsa nkhuku. Mankhwala othetseratu panalibe. Anampatsa timapiritsi togonetsa, namuuza kuti asiye zonse zokayikitsa, kenaka azibwezera chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziwike. Anafunsanso ngati kumtundu kwawo kudaoneka zotere. Gilibati anati kwawo anthu amangofa ndi ukalamba basi.

Esitere anasanduka wapolisi wa ndiwo. Miphika iwiri, nkhuni kawiri, nkhwani wopanda nsinjiro mpaka lilime linaiwala ntchito. Wodwalayo naye sankathandiza: akatupa ankalumbira kuti sanalawe kanthu, mafuta a kanyenya akunyezimira pachibwano.

Kenaka kunabwera Zipora, mlongo wake wa Gilibati, wogulitsa tiyi ndi masikono pamsewu ku Nathenje. Anayang'ana nkhope ya mlongo wake kamodzi kokha, matenda n'kuwadziwa. Linali tsempho. Aliyense amadziwa kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, wa kunyumba amatupa.

"Alamu, ine sindinanene kanthu," anatero Zipora akukonza mpango. "Ndangofunsa kuti mchere pakhomo pano amathira ndani."

Mawu a mlamu sanam'pweteke Esitere ngati chete wa mwamuna wake. Gilibati anangoyang'ana zala zakumapazi. Madzulo ake anapempha, mwaulemu wonse, kuti mchere azithira yekha m'mbale. Sabata isanathe Zipora anam'tenga kuti akadye za mumphika wachibale mpaka ankhoswe adzakumane. Kuchigayo amayi anayamba kusintha nkhani Esitere akangotula dengu.

Chimene sakanauza munthu n'chakuti anapuma. Tsiku limene Gilibati anachoka, anagula usipa, anaukazinga ndi tomato wambiri, nadya mpaka thukuta. Atakhuta ndi pamene manyazi anafika. Ankafuna dzina lake libwerere, inde. Koma kodi ankafunanso miphika iwiri ija ibwerere? Funsoli analizunguza ngati mwana wokana kugona.

Uthenga unabwera ndi dalaivala wa matola: apite msanga ku Nathenje, atenge timapiritsi tija, Gilibati anatiiwala pawindo.

Anam'peza Gilibati pamphasa pakhonde, nkhope ngati dzungu, akupuma mopempha. Zipora anali atam'phikira matemba a tomato kuti abwezeretse thupi, mchere n'kuthira ndi dzanja lake lomwe. Esitere anam'mwetsa mwamuna wake mankhwala, namukupiza ndi chivindikiro cha poto mpaka mpweya unayamba kuyenda bwino. Apo ndi pamene anaona kuti pakhomopo panali wodwala wachiwiri. Maliko, mwamuna wa Zipora, anakhala pa mpando wa ndalema nsagwada zitauma, maso ali kumsewu kumene madalaivala a matiraki ankaima tsiku ndi tsiku kumwa tiyi wa mkazi wake.

"Ndakhala ndikufunsa kuyambira masana," anatero Maliko osatembenuka. "Paja munati munthu amatupa chifukwa chiyani, mayi?"

Zipora anayamba kukumbukira zinthu mothamanga. Malemu amayi awo, akadya chiponde, ankadzikanda mpaka magazi. Malume awo a ku Nkhoma sankayandikira ngumbi. Iye yemwe, kunena zoona, mapeyala ankamuyabwitsa m'kamwa. Mtundu wonse unadzuka m'manda kudzachitira umboni. Maliko anati n'zodabwitsa kuti akufawo sanakumbukike pamene mlandu unali ku Mitundu.

Onse anayang'ana Esitere. Funso lija la mchere linali kale pansonga ya lilime lake, lakupsa bwino, longofunika kulavula. Akanatha kungokhala chete, kukonza mpango monga anachitira mlamu wake, n'kusiya chaona mnzako chigwire ntchito yake. Anayang'ana Zipora, mkazi wa manja opsa ndi ketulo. Anafunafuna mkwiyo m'mtima mwake, napezamo kutopa kokha.

"Bambo, mchere ulibe mlandu," anatero. "Adokotala anafunsa za kumtundu. Awa anabisa."

Gilibati, ndi milomo yosagwirizana, anati sankafuna kunyoza akufa pamaso pa mlendo.

Wopepesa panalibe. Zipora anangokulunga masikono m'nyuzipepala nampatsira mlamu wake ndi manja awiri, maso ali pansi. Za ankhoswe sizinatchulidwenso.

M'mawa mwake anakwera matola kubwerera ku Mitundu, atapanikizana ndi matumba a feteleza, fumbi likuwathira m'maso. Esitere ankaganiza za nkhuni, za nkhwani, za amayi a kuchigayo amene nkhani yoipa amaimva ndi makutu awiri koma yabwino ndi limodzi. Gilibati anakhosomola kangapo, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti kunyumba akadya chiyani.

"Nkhwani," anayankha Esitere, maso ali kuminda ya fodya. "Mphika umodzi. Ndipo mchere ndithira ine."

Gilibati anagwedeza mutu, nasendeza bondo kuti mkazi wake akhale bwino.