Mbande za m'dimba la Lusizi

Lusizi atamva kuti anthu odzipereka kusamala mtsinje afika m'dimba lake, anasiya chinangwa chimene ankasenda n'kutsetsereka akumanga chitenje m'njira.

Dimbalo ndilo lokha limene anatsala nalo. Munda wakumtunda unapita amuna ake atangomwalira. Mlamu wake Dickson anabwera ngati wothandiza, nabzala mango m'mphepete, ati ana amasiye azidya. Mangowo atabereka, munda unasanduka wa Dickson. Ku Kande kuno ndani sadziwa kuti wobzala mtengo ndiye mwini dothi? Ndiye lero kubwere gulu lonse, mbande zodzaza wilibala?

Komatu mtsinje nawo sunkagona. Dzinja lililonse unkagumula gombe n'kunyamula mizere ya mbatata, ndipo thamanda limene amayi ankaviikamo chinangwa cha kondowole linali litakwiririka ndi mchenga. Mitengo ankaifuna ndithu. Ankaopa manja oibzala.

Anapeza maenje atakumbidwa kale kutsata gombe lonse. Pambali pa dzenje lililonse panali mbande ya mkuyu kapena mbawa, ili chilili m'chubu chake. Anthuwo anali atangokhala pansi pa nthochi, makasu ali pambali.

"Ama, mwatichedwetsatu," anatero Bonface, wophika wa ku loji amene ankatsogolera ntchitoyo. Kwawo kunali ku Ntcheu.

"Wabzala ndani?" anafunsa Lusizi, mpweya uli wefuwefu.

"Palibe," anayankha Hellen, mnzake wa ku umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi. "Uyu anatsala pang'ono, ndachita kumugwira dzanja. Za dothi la kuno akuzidziwira kuti? Iye n'kukazinga nsomba ya batala basi."

Bonface anaseka nawo. "Andiphunzitsa, ama. Ife tikumba, titunga madzi, tidzatchinga mbuzi. Koma chubu mung'amba nokha, dothi mukwirira nokha, ife tikuona."

Lusizi anayandikira mbandezo. Anagwada pa dzenje loyamba.

Asanamalize lachiwiri, Dickson anatulukira m'nthochimo. Nayenso anali ndi malo m'mbali mwa mtsinjewo, ndipo maenje ake ankayembekeza Loweruka lotsatira. Anawerama, natola mbande ya mbawa.

"Alamu, msana wanu uja. Iyi ndikuthandizeni."

Kukaniza mlamu pamaso pa anthu si nkhani yamasewera. Lusizi anayang'ana Hellen, koma Hellen ankayang'ana pansi. Izi zinali zake yekha.

Anatambasula manja onse awiri mwaulemu, monga amachitira mkazi woleredwa bwino.

"Yewo, alamu. Munandithandiza kale ndi mango aja. Lero ingonditungirani madzi."

Wina kumbuyo anatsokomola. Dickson anaima kanthawi, mbawa ili m'manja, kenaka anaipereka kwa Lusizi. Bonface, mwachangu ngati ali m'khitchini, anapatsa Dickson keni yothirira.

Dzuwa linafika paliwombo Lusizi akadali chogwada, akusuntha dzenje ndi dzenje, akung'amba machubu ndi mano. Msana unkawawadi, bodza lilibe mwini. Koma anali wopepukidwa kuposa tsiku lililonse chiikireni maliro a amuna ake. Mtengo uliwonse pagombepo unali ndi mboni, ndipo pambuyo pa Lusizi, Dickson ankabwera ndi keni, akuthirira.