Njinga Yamoto ya Khemraj

Njinga inapendekeka pang'onopang'ono ngati njati yofuna kugona m'matope, ndipo Tulasa anagwa nayo limodzi m'fumbi. Anagwera pomwe anagwera dzulo lake, pokhotera kumanja.

"Dzukani, achemwali, pamenepo si pogona," anatero a Chhabilal, mphunzitsi wa njinga, akubwera osafulumira n'komwe, kapu ya tiyi ili m'manja. "Zikhomo zangazi zinakulakwirani chiyani? Sabata yonse mukungozigwetsa."

Bwalo lophunzirira linali kuseri kwa chigayo cha mpunga, kunja kwa tauni ya Ghorahi. Pakati pake anaimikapo zikhomo zachitsulo mozungulira ngati nambala eyiti, ndipo wofuna laisensi aliyense ankayenera kudutsamo osagunda chikhomo, osagwa. Anyamata a kusukulu ankazungulira m'menemo akutafuna chingamu. Tulasa, mayi wamkulu ndithu, mbali ya kumanzere ankaidutsa ngati anabadwira panjinga. Koma ikangokwana nthawi yokhotera kumanja, manja ankauma, maso n'kugwera pathanki, basi nkhani yatha.

A Chhabilal anadzutsa njingayo ndi dzanja limodzi, n'kumuyang'ana Tulasa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tandiuzani, abambo akunyumba akamakunyamulani mumakhala bwanji?"

"Ngati mkazi aliyense. Chammbali."

"Miyendo yonse kumanzere, dzanja paphewa lawo?"

"Nanga munthu atavala nsalu ya sari angatangadze?"

"Ndiye vuto ndi limenelo. Mutu wabwera kutsogolo, koma thupi lanu likadali kumbuyo uko. Mwakhalira mbali imodzi, mukudikira wina akhote. Mukukwera ngati wonyamulidwa, pomwe wonyamulayo palibe."

Anyamata aja anaseka. Tulasa anasasa fumbi pazigongono. Mkuluyo sanadziwe kuti waponda pachilonda.

Mwamuna wake, Khemraj, anali ku Qatar, akumanga nyumba za anthu ena. Pochoka anati zaka ziwiri zokha, koma chikondwerero cha Dashain chinabwera, chinapita, chinabweranso, mpando wake uli wopanda munthu. Chimene anasiya chooneka ndi maso chinali njinga yake yofiira, itaima pakhonde, yofunditsidwa sari yakale. Tsiku lonyamuka sanalankhule mawu achikondi, amuna a kwathu amaona ngati mawu otere amathyola mano. Anangoti, "Uziiliza m'mawa uliwonse, batire lingafe." Tulasa ankaiilizadi. Ankavundukula nsaluyo, kuponda chitsulo cholizira injini, kenako n'kuima pambali atatsinzina. Phokoso limenelo ndi lomwe kale linkamveka madzulo kuchokera pamtengo waukulu wa pamphambano, iye n'kuthamangira kukateleka tiyi. Ankamusowa mwamuna wake, ndipo kamphindi kam'mawa kameneko ndi kokha kamene nyumba inkamveka ngati muli mwamunayo.

Apongozi ake, mayi Dilmaya, phokosolo ankadana nalo. Njinga ikangolira, ankamenyetsa mapoto kukhitchini kapena kupita kukakalipira njati kukhola. Tsiku lina akusankha mphodza anangoti phwa, osadzutsa mutu.

"Dashain ikatha, njingayi ikupita kwa Bhimsen wa mkaka. Ndalankhula naye kale."

"Amayi, mwini wake akudziwa?"

"Mwini wakeyo ndinabereka ndine. Njinga yanji yosayenda? Timangoimwetsa mafuta ngati mlendo wosatsanzika."

"Ndiziyiyendetsa ine."

Mayi Dilmaya anaseka mpaka kutsokomola. "Mpongozi wa m'nyumba muno atangadze pamsewu ngati wapolisi? Chabwino. Bwera ndi laisensi chikondwerero chisanafike, ikhala. Kupanda apo ndisadzamvenso kulira kwake."

Tulasa anaona kuti gogoyo ndi wouma mtima, ndipo anakwiya mokwanira kuti m'mawa mwake akalembetse kwa a Chhabilal. Mayeso olemba anakhoza mosavuta. Zizindikiro za pamsewu sizigwetsa munthu m'fumbi. Chinatsala ndi eyiti uja, ndipo masiku ankatha.

Lachisanu, tsiku lopuma ku Qatar, Khemraj anaimba foni ya vidiyo. Nkhope yake inaoneka yowonda, kumbuyo kwake kuli mabedi osanjikizana ndi zovala zoyanikidwa.

"Ndamva kuti zikhomo za ku Ghorahi zatha, wazigwetsa zonse," anatero akuseka.

"Wakuuzani ndani?"

"Amayi. Akuti umabwera utatuwa ngati wagwa m'thumba la ufa."

"Sekani. Si inu munandizoloweretsa? Zaka zonse zija msewu sindinauonepo. Ndinkaona minda ya kumanzere, ndikatembenuka ndinkaona msana wanu. Pano ndikadzutsa maso, kutsogolo kuli mbee, palibe munthu. Ndiye ndimayang'ana pansi."

Khemraj anasiya kuseka. Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumbali.

"Tulasa, Dashain ya chaka chino…"

"Ndadziwa kale. Musamalize."

"Abwana akuti nyumba ithe kaye."

"Nyumba zawozo zimatha liti?"

Khemraj anazemba funsolo. Anangoti, "M'bokosi lachitsulo muli jekete langa lakuda lija. Uzivala pokwera. Zigongono zakozo ndikufuna ndidzazipeze zili ndi khungu."

Jeketelo linali lalikulu, manja ake mpaka kubisa zala, moti anachita kupinda kawiri. Linkanunkhabe mafuta a mpiru omwe Khemraj ankadzola kumutu. A Chhabilal ataliona anagwedeza mutu.

"Tsopano mwayamba kuoneka ngati munthu wofuna kukhala ndi moyo. Mpango wanuwo lowetsani mkati, ukalowa m'gudumu udzakukokerani kumanda. Ndipo helemeti si dengu la masamba, mangani lamba pachibwano."

Anamukhazika pakati penipeni pa mpando, mawondo atapana thanki. Kenako anakaima kumapeto kwa mbali ya kumanja ija, n'kukweza kapu yake m'mwamba.

"Njinga ilibe maso, imabwereka anu. Mukayang'ana chikhomo mugunda chikhomo, mukayang'ana pansi mupita pansi. Yang'anani kumene mukufuna kukafika. Yang'anani ine, ngakhale nkhope yake ndi yomweyi."

Tulasa anagwa tsiku limenelo, anagwanso mawa lake. Koma tsiku lina m'mawa, mitambo itachoka mpaka mapiri kuoneka, anadzutsa chibwano, n'kutembenuzira mutu kwa mkulu wa kapuyo, ndipo njinga inamutsatira yokha ngati mbuzi yozolowera. A Chhabilal sanamuyamikire. Anangoti, "Bwerezani, mwina ndi ngozi."

Tsiku la mayeso, anthu anadzaza pampanda wa waya wa bwalo la boma, ena odikira nthawi yawo, ena ongobwera kudzaseka anzawo. Woyesa anakhala pamthunzi ndi wezulo pakamwa, ndipo wezuloyo ikalira ndiye kuti munthu walephera. Inalira kwa mnyamata wa magalasi akuda, inaliranso kwa bambo wina amene ankauza aliyense pamzere kuti wakhala akuyendetsa popanda laisensi chibadwire.

"Taonani mayi awo avala jekete la amuna awo," wina anakuwa Tulasa atakwera. "Mayi, mpunga ukupserera kunyumba!"

Mbali ya kumanzere anaidutsa bwinobwino. Atafika pakati pa eyiti, manja anayamba kuuma monga mwa masiku onse, maso akufuna kugwera pathanki. Kutsogolo kunalibe a Chhabilal, kunalibe kapu, kunalibe msana wa munthu. Kunali fumbi, zikhomo ndi mpanda basi. Mtima unamupweteka monga momwe ankaopera, koma sanatsitse maso. Anayang'ana potulukira, n'kulola kuti upweteke. Njinga inapendekeka, inazungulira, inawongoka. Anadutsa pathabwa lopapatiza, anaima pachitunda, n'kunyamukanso osabwerera m'mbuyo, khutu lili tcheru kudikira wezulo. Wezulo sinalire.

Atamaliza za ku ofesi ndi kulandira kapepala kolola kuyendetsa, anafika kunyumba n'kupeza apongozi ake akupeta mpunga pabwalo.

"Amayi, ndakhoza."

"Ndamva. Mkazi wa Bhimsen wafika kale ndi nkhope yakugwa." Anapetabe. "Tiyi ali pamoto."

Zinathera pomwepo. Tulasa sanayembekezere nkhata ya maluwa, komabe zinamuwawa.

M'mawa mwake anavundukula njinga, koma ulendo uno sari yakale ija anaipinda n'kuiika pambali. Anavala jekete, kumanga helemeti, n'kukankhira njingayo pabwalo. Kunali kofunika kukagula za chikondwerero kumsika. Ataponda chitsulo, injini inalira, ndipo kukhitchini sikunamveke mapoto. Mayi Dilmaya anatuluka atavala sari yawo ya paulendo, chikwama chili m'khwapa.

"Ukuyang'ana chiyani? Ukuganiza kuti ndingakutume wekha kukasankha mbuzi ya Dashain? Angakugulitse galu."

"Ndiye muvale ichi, Amayi." Tulasa anawapatsa helemeti yake yakale, yomwe ankavala akamanyamulidwa kumbuyo.

"Ndioneke ngati mphika?"

"Mphika wosasweka. Ndipo nsonga ya sariyo mukhalire, ingalowe m'gudumu."

Gogoyo anang'ung'udza, koma analola kumangidwa lamba pachibwano. Anakwera chammbali, miyendo yonse kumanzere, monga amakwerera akazi onse a kwathu. Njinga inatsika pang'ono ndi kulemera kwawo. Kenako dzanja louma linagwira paphewa la jekete, n'kukhala pomwepo, zala zikusisita nsaluyo.

"Umaganiza kuti ndinkadana ndi chitsulochi," anatero gogoyo chapansipansi, injini ikungolira. "M'mawa uliwonse chikalira, mtima unkati Khemraj wafika. Ndinkadziwa kuti si iye, koma mtima ndi wopusa, sumva. Ndikasuzumira, ndiwe, utatsinzina ngati uli kukachisi, njinga ili chiimire. Tsiku ndi tsiku mwana wanga ankafika n'kusafika. Ndikanapirira mpaka liti?"

Tulasa anafuna kutembenuka, koma anamva chinthu cholimba chikugunda pang'ono pamsana pake. Inali helemeti ija. Apongozi ake anali atatsamiritsa nkhope pajekete.

"Fungo lake likadalimo," anatero. "Usalichape."

"Sindilichapa, Amayi."

"Ndiye tiye. Koma usathamange ngati iyeyo, amandigwedeza mafupa."

Tulasa anadziwa bwino zimene gogoyo aziona njira yonse: minda ya kumanzere, ndi msana wa jekete lakuda. Kwa iye kutsogolo kunali mbee monga kale, ndipo ankamusowabe mwamuna wake ngati dzulo. Anakhala pakati pa mpando, anawongola msana kuti wotsamirayo atsamire bwino, n'kulowetsa giya. Pamphambano ya pamtengo waukulu paja, msewu wa kumsika umakhotera kumanja. Anadzutsa chibwano, n'kukhota.