Tebo ya a Swadick

"Injini iliyonse ikandiona imachita manyazi," anatero a Swadick pa doko la Nkhudzi. "Ya boti, ya chigayo, ngakhale ya ndege mutandibweretsera."

Ndege palibe anawabweretsera. Koma usipa utagwidwa bwino chaka chimenecho, anatenga akazi awo a Hidaya ulendo wa ku Mangochi boma kukagula galimoto yawo yoyamba. Zomwe thumba likanakwanitsa zinali ziwiri, zonse zakale za ku Japan. Ina yoyera, yofatsa, yongonyambita mafuta. Inayo yofiira, ya injini yamphamvu yotchedwa tebo.

Wogulitsa, poti anali atangochoka ku mzikiti, ananena zoona. Anati tebo imathamanga, koma ili ngati mlendo wosankha ndiwo: imafuna oyilo wodula womusintha pafupipafupi, petulo wabwino, ndipo ikafa sipeya wake amachita kuitanitsa kunja. A Hidaya anafunsa ngati yoyerayo imafunanso zonsezo. Atamva kuti ayi, anati basi nkhani yatha.

A Swadick anangopempha kuti ailize kaye yofiirayo. Inalira ndi kamluzu kake, mpaka akabaza anacheuka pamsewu.

"Amayi, mwamva? Ikunditchula dzina."

"Ikutchula thumba lanu, bambo."

Anabwerera ku Nkhudzi pa yofiira.

Mwezi womwewo Sumaiya, mwana wa alamu awo a Uladi, amakwatiwa ku boma. A Uladi anali atagwirizana kale ndi munthu wina wa galimoto yonyamula mkwatibwi kupita ku holo, koma a Swadick anati amuuze apume. Pachibale pali tebo, mwana akakwere ya eni? A Uladi anakayika, kenako anavomera, n'kuchenjeza kuti akuchimuna ndi anthu a m'tauni, sachedwa kuseka.

Ukwati utayandikira petulo anasowa pamapampu, ndiye a Swadick anagula wa m'zigubu kuseri kwa msika. Apa mpamene nzeru za panyanja zinawabwerera. Injini ya boti saipatsa petulo wouma, amasakaniza ndi oyilo. Nanga wogulitsa uja sanati tebo imakonda oyilo? Anathira botolo lonse la oyilo wa boti m'thanki, n'kuwonjezera lina poti ukwati ndi ntchito yolemetsa. A Hidaya anafunsa ngati ndi mmene anawalangizira. Iwo anati uja amangogulitsa, injini anayamba kuzidyetsa ndi iwo asanamere ndevu.

Tsikulo galimoto inavala maluwa ndi nsalu zoyera. Sumaiya anakhala kumbuyo ndi azakhali ake, lole ya amayi oimba ikutsatira, mahutala ali pii pii. Poyamba utsi unali wochepa, anthu ankayesa fumbi. Pofika pafupi ndi msika amayi a pa lole anasiya nyimbo n'kuyamba kutsokomola. Injini nayo inatsokomola, inagwedezeka ngati yamva malungo, n'kukhala chete pakati pa msewu.

A Swadick anatsegula boneti n'kufunafuna chingwe chokoka poliza injini, ngati cha pa boti. Panalibe.

Sumaiya anadikira mpaka thukuta linayamba kutsuka zodzola kumaso. Kenako anatsegula chitseko yekha, anakwinya diresi m'manja, n'kukodola wakabaza.

"Ku holo, achimwene. Msanga."

"Nanga amalume anu?" anafunsa azakhali aja.

"Atipeza."