Bishopu wa a Paison

Pa mpikisano wa tchesi wa pa boma la Ntcheu, mayina atawerengedwa, Thokozile anapezeka kuti asewera ndi a Paison, amene anamuphunzitsa masewerawa ali kupulayimale ku Kandeu. Tsopano iye anali namwino, ndipo iwo anali atapuma ntchito, kumutu kuli mbuu.

"Wakula, Thoko," anatero pokhala pansi. "Usandimvere chisoni."

Thokozile anayamba ndi kukankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu. A Paison anayankha ndi Sisiliyani, kayambidwe kamene ankakadziwa ngati njira ya kumunda kwawo. Dzanja lawo linkayenda lokha. Koma zimene analoweza pamtima zitatha, anayamba kuweramira pabolodi, maso ali tsinzinitsinzini.

Kenako anatambasula dzanja kuti atenge kavalo, koma anagwira bishopu amene anali pambali pake. Zala zawo zinapapasa mutu wosongokawo, n'kuima. Lamulo limati chimene wakhudza ndi chomwe uyendetse, ndipo bishopuyo ndiye ankatchinga mfumukazi yawo.

"Tengani kavaloyo, aphunzitsi," Thokozile ananong'ona. "Palibe waona."

"Ndinakuphunzitsa choncho ine?"

Anayendetsa bishopu uja n'kudina wotchi. Thokozile anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pabolodi. Potsiriza anadya mfumukaziyo. A Paison anagoneka mfumu yawo posonyeza kuti agonja, n'kumupatsa dzanja.

Atatuluka panja anamuuza zoona. Maso anayamba kuchita chifunga chaka chatha, ndipo kuchipatala anati anabwera mochedwa.

"Ndimaganiza kuti poti kayambidwe kali m'mutu, zotsalazo ndiziona ndithu. Akazi anga anandiletsa, ine osamva."

"Pali mabolodi a anthu osaona. Ndikhoza kukufunirani."

"Pa msinkhu uno ndiyambirenso kuphunzira? Ayi, mwanawe. Pita, masewera ako ena ayamba."

Thokozile sanabwerere kumpikisano. Anawagwira mkono mpaka kudepoti, akuwauza pamene pali mwala ndi pamene pali ngalande, ndipo iwo sanakane. Anawapezera mpando wa pawindo m'galimoto ya ku Kandeu.

Galimoto itayamba kuyenda, a Paison anakweza dzanja motsanzika, akumwetulira. Koma nkhope yawo inali itatembenukira kwa mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere, amene anaima chapatali ndi Thokozile.