Nyimbo ya Tobin Maki

Ndakhala ndikuimba piyano pa masewero a ana a m'tauni yathu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, koma sindinamvepo maganizo oipa ngati amene Dale Halvorsen anabwera nawo kutatsala masabata awiri kuti tionetse sewero la chaka chino.

Dale ndiye amatsogolera masewerowa. La chaka chino analemba yekha, mawu ndi nyimbo zomwe, lonena za anthu amene ankakumba chitsulo m'migodi ya kuno. Nyimbo yaikulu anapatsa Tobin Maki, mnyamata wa zaka khumi ndi zitatu. Mu Okutobala mawu a Tobin ankakwera bwino kwambiri. Pofika mu Januwale anayamba kusintha, monga achitira mawu a mnyamata aliyense akamakula. Akafika pokwera, mawuwo ankathyoka, anzake n'kuseka.

Madzulo ena tikuyeserera m'holo ya tauni, Dale anakweza dzanja, ine n'kusiya kuimba.

"Tobin, iwe udzaima pomwepo n'kumangogwedeza milomo," anatero. "Mnzako Delia adzaimba m'malo mwako ali kuseri kwa katani ndi maikolofoni. Palibe adzadziwe."

Analankhula zimenezi pamaso pa ana makumi atatu. Makutu a Tobin anafiira.

"Chabwino, Bambo Halvorsen."

"Udzakhala ngati nsomba, yasamu yasamu," ananong'ona mwana wina kumbuyo, ena n'kuseka chamumtima.

Ana atapita kukavala majekete, ndinamutsatira Dale kuchipinda cha zovala. Pamaso pa ana ndimamutchula Bambo Halvorsen, koma ndinamudziwa ali ndi mamina, choncho tili awiri sindinamulemekeze.

"Iwe Dale, bwanji osangotsitsa kiyi ya nyimboyo kuti isamakwere kwambiri?"

"Mayi Koskela, nyimboyo ndinaiika pamwamba dala. Mwana akuitana bambo ake amene atsekeredwa mumgodi. Ikatsika, yafa."

"Ndiye bola afe ndi manyazi mwana wa eni ake?"

"Sewero ndi langa, mayi."

"Ndipo pakamwa ndi pa Tobin."

Anangonyamula makiyi a galimoto n'kutuluka.

Tobin amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwanga. Mawa lake ndinamupeza akuchotsa chipale chofewa pakhomo pawo ndi fosholo.

"Ndawauza agogo kuti asabwere," anatero osandiyang'ana. Agogo akewo anagwira ntchito mumgodi zaka makumi atatu, ndipo anali atalonjezedwa mpando wakutsogolo. "Akadzamva mawu a Delia akutuluka m'kamwa mwanga, adzaseka mpaka mano awo oikirira adzagwa."

"Kawauze kuti abwere. Iwe ukaweruka kusukulu uzibwera kwanga."

Tinayeserera masiku asanu ndi limodzi m'chipinda changa chochezera. Ndinatsitsa kiyi kamodzi, mawu anathyokabe. Ndinatsitsa kawiri, chimodzimodzi. Nditatsitsa kachitatu panatuluka mawu ena, okhakhala pang'ono, osazolowereka ngakhale kwa mwini wake, koma ake. Mayi ake ndinawauza zonse, ndipo anangoti, "Chitani, Mayi Koskela." Delia nayenso sanavute.

"Ine ndinalowa sewero kuti anthu andione, osati kuti ndiziimbira fumbi la kuseri kwa katani," anatero. "Maikolofoniyo ndidzaizimitsa ndekha."

Masewero athu alibe gulu la zoimbira. Pali piyano yanga yokha, ndipo nyimbo iliyonse ndimayamba ndine. Kiyi imene ndayamba nayo ndi yomweyo, palibe angaisinthe anthu atakhala kale pansi. Dale ankadziwa zimenezi, koma sanaganize kuti nkhalamba ngati ine ingamuchite chipongwe.

Loweruka masana holo inadzaza, majekete onyowa ali pamipando. Agogo ake a Tobin anali kutsogolo panjinga yawo ya olumala. Nthawi ya nyimbo ija itakwana, Tobin anaima pakati atavala chipewa cha mumgodi chimene chinkamugwera m'maso. Ndinayamba ndi kiyi yotsika ija. Kumbuyo kwa holo, patebulo la magetsi, ndinaona Dale akudzuka msangamsanga.

Tobin anaimba. Sananyadire, sanagwedeze mutu, anangoimba. Pa mawu akuti "bambo" mawu ake anathyoka kamodzi. Palibe anaseka. Ndinamudikira pang'ono, iye n'kupitiriza mpaka kumapeto. Agogo ake sankatha kuwomba m'manja chifukwa dzanja limodzi linafa, choncho ankamenya chitsulo cha njinga yawo ndi mphete.

Dale anandipeza ndikutseka piyano, anthu akudya makeke pakhomo.

"Mwandinyoza m'sewero langa lomwe," anatero motsitsa mawu. "Chaka chamawa ndidzagwiritsa ntchito nyimbo zojambuliratu."

"Udzatero, ndi ufulu wako. Koma makina sadzamva mwana akuvutika. Ukukumbukira uli ndi zaka za Tobin, utavala ngati woyendetsa sitima pa nsanja yomweyi?"

"Ine ndinaimba bwinobwino."

"Unaimba bwino chifukwa ndinkakutsitsira pang'onopang'ono sabata iliyonse, osakuuza. Pofika tsiku la sewero ndinali nditatsitsa katatu. Amene ankatsogolera nthawi imeneyo anafuna kukuchotsa, ine ndinakana. Mayi ako analira pampando uwo."

Anayang'ana mpandowo. Ndinkayembekezera kuti apepesa, koma Dale ndi Dale.

"Mawa mudzayamba ndi kiyi iti?" anafunsa.

"Ya lero."

Lamlungu Delia anabwerera pamzere wake kutsogolo, ndipo maikolofoni ya kuseri kwa katani inali itachotsedwa. Tobin anaimbanso nyimbo yake, osathyoka mawu ngakhale kamodzi.

Ena akunena kuti nkhani yatha bwino, ndiiwale. Ine sindinaiwale. Dale anachititsa mwana manyazi pamaso pa anzake makumi atatu, ndipo mpaka lero sanamuitane pamaso pa anzake omwewo kuti anene kuti analakwa. Ndamuuza kuti piyano ya chaka chamawa ndidzaitsekula akadzachita zimenezo.