Elufe Atumidwa ku Chilumba

Elufe analota masana, dzuwa likuswa mtengo, mutu uli pa makina ake osokera. Anatsegula chitseko cha kashopu kake ku Ndirande kuti ataye tizidutswa ta nsalu, n'kupeza kuti msewu wa fumbi uja palibe. Pakhomo penipeni panali nyanja, madzi akunyambita sitepe, ndipo kutali uko kunkaoneka chilumba cha migwalangwa ndi mchenga woyera mbee. Sanadabwe. Anangodziwa kuti achemwali ake a Dolika, amene anawaika m'manda chaka cha chimphepo chija, akukhala kumeneko, ndi kuti lero ndilo tsiku lokawaona.

Anali ndi nkhani. Kuchipatala anali atamuuza kuti kanthu kolimba kamene kanamera m'bere lake lamanzere si kabwino, kafunika mpeni. Nkhaniyo anabwera nayo kunyumba n'kuikhalira. Akanauza yani? Mwana wake Zione anali ndi pakati potopa, abale onse anazolowera kutsamira pa iye, ndipo munthu yekhayo amene ankamumvetsera mpaka amalize kulankhula anali a Dolika. Ulendowu unali wa chinthu chimodzi basi: akakhale pansi pafupi ndi achemwali ake, pamalo popanda phokoso, anene.

Bwato linali litakocheza pasitepe pomwepo. Wopalasa anali Che Jafali, amene ankamukonzera makina asanamwalire, atavala jekete lawo lomwe lija lothimbirira ndi girisi. Anamulonjera mwaulemu, nanena kuti akwere msanga, chifukwa kuchilumba mlendo amakhala kufikira mthunzi wa mgwalangwa wautali utakhudza madzi. Ukakhudza, bwato limabwerera.

Elufe anaponda mwendo umodzi m'bwato. Wachiwiriwo ndi umene unachedwa.

Kwathu kuno ulendo subisika. Ungovala nsapato za ku tchalitchi Lachitatu, anthu adziwa kale kumene ukulowera, ndipo aliyense amakhala ali ndi wake kumeneko. Oyamba kufika anali Mai Nagama a nyumba yoyandikana, tambala ali kukhwapa, miyendo atamumanga ndi luzi. Anati poti mukupita komweko, mukawapatse bambo a kwathu, ankakonda msuzi wake. Alamu ake a Elufe, a Binwelo, anabwera ndi wailesi yopanda mabatire ya malemu atate awo. Kenako kunabwera anthu amene Elufe sanawaonepo chibadwire, akutuluka m'makoma a nyumba, wina ndowa, wina bulangete, wina atasenza mpando wandalema wathunthu. Aliyense ankayamba ndi mawu omwewo, poti mukupita komweko, ngati kuti kupita kwa munthu ndi mlandu.

Amene analibe katundu ankapereka moni, ndipo moni wa tsiku limenelo anali ndi thupi. Munthu akati mukawapatse moni, ankatulutsa m'kamwa mwake mwala wosalala, wofunda, n'kuuika pa chitenje cha Elufe. Posakhalitsa chitenjecho chinali chitalendewera mpaka m'mawondo.

Mtima unamupsa. Mawu okana anakwera mpaka pakhosi, anawamva bwinobwino akugunda kuseri kwa mano, koma amene anatuluka anali akuti, "Chabwino, ndikapereka." Anabadwa choncho Elufe, ndipo chifundo chinapha msemamitondo anthu akuona. Wotsiriza anali mayi wachitsikana wowonda, atagwira kachipewa ka khanda kolukidwa ndi ulusi wachikasu. Ameneyu anangotambasula manja. Kachipewako Elufe anakalandira ndi manja awiri, n'kukaika m'bulauzi.

Atangochoka pagombe, bwato linalankhula. Mawu ake anali a munthu wachikulire wodwala msana.

"Mayi, ndalemedwa. Chimodzi chitsale."

Elufe anayang'ana katundu yense uja. Tambala ngwa eni, wailesi nja eni, mpando ngwa eni, ndipo cha mwini sutaya. Anavula nsapato zake n'kuziponya m'madzi. Bwato linati silinamve kusintha. Anataya ambulera, anataya mbatata yootcha imene anatenga ngati kamba wa panjira, koma bwato linangobuula.

"Cholemera chili pachifuwa panu, kumanzere," linatero.

"Chimenecho ndicho changa chokha," anayankha Elufe, ataphimba pamenepo ndi dzanja. "Ndikupita nacho."

Bwato silinatsutse. Linangomira pang'ono mpaka madzi anayamba kulowa, ndipo Elufe anayenda ulendo wonsewo akukapa madzi ndi ndowa ya munthu amene sankamudziwa n'dzina lomwe.

Chilumbacho nacho chinali ndi khalidwe. Che Jafali akamapalasa mwamphamvu chinkasunthira kutali, akapumira chinkayandikira chokha. Elufe anaziona msanga zimenezi, nawapempha kuti angoika nkhafi pansi, chilumba chibwere. Iwo anakana mwaulemu. Anati kufika kwa eni wosatuluka thukuta ndi chipongwe, ndipo anapitiriza kupalasa. Wailesi yopanda mabatire ija inayamba kuulutsa mauthenga a maliro, tambala naye akulira pakati pa dzina lililonse, mwakuti Elufe sankatha kumva ngakhale maganizo ake.

Pakati pa nyanja panali siteji. Anthu anaima pamwamba pa madzi, mathalauza atapinda, akukweza manja. Elufe anawadandaulira Che Jafali kuti angodutsa, mthunzi ukuyenda. Iwo anati munthu wokuimika sumupitirira ngati chitsa, naimitsa bwato. Anthu aja sankafuna kukwera ayi. Anali atamva kuti pali mayi wina akupita komweko. Miyala inawonjezeka, ndipo wina anamangirira mbuzi kumbuyo kwa bwato kuti izisambira yokha.

Anafika Che Jafali atatopa okha n'kugona tulo pankhafi. Chilumba chinabwera pang'onopang'ono, n'kugunda bwato.

Kunali zii. Mafunde ankafika pamchenga, n'kusweka, osamveka. Tambala anatsegula mlomo, khosi likugwedezeka, koma palibe chinatuluka, ndipo wailesi inazima yokha. Kokonati wina anagwa pafupi ndi phazi la Elufe, mchenga n'kumulandira mwakachetechete. Kamphepo kankanunkhira mango akupsa. Makutu a Elufe, amene anazolowera maminibasi ndi zigayo za ku Ndirande, anapuma kwa nthawi yoyamba, ndipo analakalaka atangogona pomwepo chafufumimba. Kumapeto kwa gombe, pansi pa mtengo wa mango, anaona a Dolika atakhala pamkeka akusenda mtedza. A Dolika anakweza dzanja, iye n'kukweza lake. Sipanali patali. Munthu wopanda katundu akanafika asanamalize kupemphera.

Koma pakati pawo panali makomo a eni katundu, ndipo onse anali atakhala panja kumudikira.

Katundu wotumizidwa saponyedwa pakhomo. Umaodira, akulandire, akupatse pokhala, mulonjerane, ufotokoze za kumene wachokera, kenako upereke. Akufa nawo sanaiwale mwambo umenewu, ndipo nthawi anali nayo yambiri. Ankalankhula motsitsa, monga achitira anthu m'nyumba mogona khanda. Amuna awo a Mai Nagama anafunsa za mvula, za ana mmodzimmodzi, za denga la khitchini. Atalandira tambala anamukweza m'mwamba, n'kunena kuti si yemwe uja, wonenepa uja wadya ndani? Atate a Binwelo anaitembenuza wailesi, nafunsa ngati mwana wawo amaganiza kuti kuno kuli golosale. Mwini mpando wandalema anakhalapo n'kugona Elufe asanamalize malonje, ndipo anayenera kudikira kuti adzuke, poti kuchoka osatsanzika n'kulakwa.

Mwala uliwonse umene ankapereka unkapita ndi kachidutswa ka mawu ake. Anayamba ulendo ndi mawu a mayi woimba alito m'kwaya, koma pofika pakati pa gombe anali akunong'ona. Choipitsitsa n'chakuti aliyense wolandira moni ankatulutsa wake wobweza. Poti mukubwerera komweko. Chitenje chija sichinapepuke ngakhale pang'ono, ndipo Elufe ankayenda akukukuta mano, diso lili pa mthunzi wa mgwalangwa umene unkakwawira kumadzi.

Khanda la kachipewa analipeza litakhala lokha pamchenga, likuseweretsa chigoba cha nkhono. Anagwada n'kuliveka. Khandalo linagwira chipewacho ndi manja onse awiri.

"Zikomo, mayi," linatero. "Mukawauze amayi kuti kuno sikuzizira."

Mwala wa khandalo unali waung'ono ngati nyemba. Umenewo Elufe sanauwerengere mlandu.

Atafika pamkeka wa a Dolika, pakati pa mthunzi ndi madzi panali patatsala malo oti n'kupondapo phazi limodzi. A Dolika anali monga analili asanadwale, masaya odzaza, duku lomanga chammbali. Anamusunthira kuti akhale, namuika mtedza m'manja, n'kuyamba malonje. Anafunsa za Zione, ngati miyendo ikutupa. Anafunsa ngati mkamwini anasiya mowa, ngati mpopi wa kuseri unakonzedwa, ndi kuti sizasi yawo yaikulu ija inathera kwa yani. Elufe ankayankha mawu amodziamodzi, mtima uli m'mwamba, akuyembekeza kuti funso lotsatira likhala la iye. Silinabwere. Achemwali ake omwe, amene iye anawawolokera nyanja, ankamufunsa za anthu ena ngati wina aliyense.

"Achemwali, nanga ine simundifunsa?"

Ananena monong'ona, ndipo amenewo anali ngati mawu ake otsiriza. A Dolika anaika lichero pansi, namuyang'ana, kudikira. Elufe anatsegula pakamwa. Nkhani yonse inali pomwepo, dokotala wa magalasi uja, benchi yozizira ya kuchipatala, mantha amene ankamudzutsa mbandakucha. Anakankha ndi chifuwa chonse, koma anangochita ngati tambala uja. Anayesanso, osatheka. Mawu ake onse anali atawagawa m'makomo a anthu, ndipo analira ndi ukali, misozi yotentha, akumenya mkeka ndi chibakera chimene sichinkamveka.

A Dolika anamusiya alire. Kenako anatambasula dzanja, nalilowetsa m'chifuwa mwake kumanzere monga mmene munthu apisira m'thumba la malaya, natulutsa mwala. Unali wakuda, wosasalala ngati inzake ija. Anauyeza m'dzanja, n'kuutembenuza.

"Ndinaumva kulemera kwake uli m'bwato," anatero. "Mkeka wako ulipo kuno, mng'ono wanga. Ndinaukulunga, uli kudenga. Sindinauyale."

Elufe anagwira dzanja lawo kuti mwalawo utsale konko. Chimenecho ndicho anadzera, kuti autule. Koma a Dolika anatsegula chikhatho chake, nauikamo, n'kupinda zala zake chimodzichimodzi.

"Poti ukubwerera komweko, ukam'patse Zione. Ukanene kuti wachokera kwa ine. Usakaupereke uli chiimire, mukakhale pansi."

Apa ndiye Elufe anafuna kukana kuposa kale lonse. Mwanayo ali ndi pakati, mwanayo amalira msanga, mwanayo sanasenzepo kanthu. Anapukusa mutu, nafufuza pakhosi pake mawu alionse otsala oti akanire. Anapezamo awiri okha, omwe aja amene sanamuthawepo chibadwire.

"Chabwino, ndikapereka."

Mthunzi unakhudza madzi. Kugombe Che Jafali anali atadzuka, akugogoda bwato ndi nkhafi, ndipo kugogodako kunali chinthu chokhacho chomveka pachilumba chonse. A Dolika anatolanso lichero lawo. Sanamuperekeze, anati kuno operekeza sabwerera bwino.

Kugogoda kunapitirira mpaka Elufe anadzutsa mutu. Anali Zione, akugogoda tebulo la makina ndi chala, mimba ili patsogolo, diresi lobiriwira lili paphewa. Panja panali msewu wa fumbi, minibasi ikuitanira a ku Limbe, chigayo chikulira. Zione ankaseka kuti amayi agona mpaka ulusi wawadinda patsaya, ndipo anati poti muli pamakina pomwepo, mundikulitsireko diresili, silikundikwananso.

Elufe anayang'ana pansi. Mapazi ake anali opanda nsapato, ndipo pansi pa tebulo panalibe. Dzanja lake lamanja linali lofumbata zolimba mpaka zikhadabo zinalowa m'chikhatho. Analandira diresilo ndi lamanzere, naliika pambali, nachotsa mulu wa nsalu za anthu pa kampando kamene kanali pafupi naye.

"Tseka chitseko, Zione, ukhale pansi," anatero. "Ndatumidwa ndi amayi ako aakulu."